Kugwada Kumbuyo kwa Boti la Ukwati

1992

Amene anayamba kundiuza za ntchito ya kudamu anali Nyagondwe, mkazi wa Bambo Mhango, omwe tinkayandikana nawo nyumba ku Chinsapo. Anandipeza ndikuchapa kuseri kwa nyumba, chaka cha chilala chija chimene tinadya ufa wachikasu. Nthawi imeneyo bambo anu anali chigonere atagwa pa katawala, nsanja yokwerapo omanga, ku Area 18 kumene ankamanga nyumba ya munthu. Mwendo unakana kulunzika bwino, ndipo inu ana anayi maso anali pa ine.

"Amake Grace, siyani kaye zochapazo," anatero Nyagondwe. "Ku kalabu ya maboti kudamu kuja akufuna mayi wosesa ndi kuphika tiyi. Abambo kunyumbaku ali m'komiti. Ndawauza kuti asayang'ane kutali."

Ine ndinati, "Mayi, Chingerezi changa n'cha Sitandade 6. Azungu akandifunsa kanthu ndikayankha chiyani?"

"Tsache limafuna Chingerezi?" anaseka, n'kundikoka dzanja lili ndi thovu lomwelo.

Tinalowa m'nyumba, tinagwada pamphasa pafupi ndi pomwe bambo anu anagona, ndipo Nyagondwe anapemphera m'Chitumbuka. Sindinamve mawu onse koma ameni ndinamuyankha mokweza. Ndikulemba izi kuti mudziwe, ana anga ndi zidzukulu zanga, kuti banja la a Mhango ndilo linatichotsa m'njala. A Mhango anali mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu, ankagwira ntchito yapamwamba mumzinda, ndipo ku Chinsapo ankangokhala podikira kuti nyumba yawo ya ku Area 47 ithe. Zimene ndinene kutsogoloku musaziwerenge ngati za munthu woipa. Sanali woipa.

Kalabuyo inali m'mbali mwa damu limene mzinda umamwako madzi. Mkati mwa sabata kunali zii, kumangomveka mbalame. Loweruka ndi Lamlungu kunkadzaza magalimoto okoka maboti pa ngolo za matayala awiri. Kunkabwera azungu, amwenye ndi mabwana akuda, ena kudzawedza, ena kudzangozungulira pamadzi ndi ana awo. Galimoto ya kalabu inkanditenga pamsewu wa Likuni m'mawa n'kundibweza madzulo. Mnzanga wapantchito anali Che Amidu, makaniko wa injini za maboti, Msilamu wa ku Mangochi amene ankakhala ku Kawale. Anali munthu wanthabwala. Tsiku loyamba anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achemwali, mumasambira?" Nditati ayi, anati, "Zili bwino, ndiye kuti simudzathawa ntchito podzera kumadzi."

1994

Chaka chimenechi zinthu zinasintha m'dziko, kwacha inagwa, sopo ndi shuga zinakwera kuwirikiza. Koma chimene chinasintha moyo wanga chinabwera m'beseni. Mlangizi wa za nsomba anafika pakalabu Loweruka lina ndi beseni la madzi, m'kati mukuyandama chomera chamasamba onyezimira okhala ngati masupuni, ndi duwa lokongola lamtundu wa maluwa a jakaranda. Pansi pake panali mizu yakuda yolendewera ngati ndevu. Mkazi wa bwana wina anati, "Eee, kukongola! Mundipatseko ndikaike padziwe la kunyumba." Mlangiziyo anabweza beseni lija kumbuyo msangamsanga.

Anatiuza kuti dzina lake ndi namasupuni. Anati chomerachi chikalowa m'madzi odekha chimaswana ngati nsabwe, n'kuphimba pamwamba ponse, nsomba zimafa, makina opopa madzi amatsekeka. Anati sichifuna mbewu yambiri ayi, kachidutswa kokhala ndi muzu n'kokwanira, ndipo chimayenda ulendo wautali chitakakamira pansi pa boti kapena m'mapaipi a ngolo momwe mumatsalira madzi. Che Amidu, amene nthawi zambiri pamisonkhano ankangokhala chete, tsiku limenelo anaimirira. "Mabwana, ine ndinaona ndi maso anga ku Shire. Mlamu wanga anasiya bwato padooko madzulo. Patapita masiku anakalipeza lili ngati lili pakati pa dimba. Ukonde amaponya pati? Lero akugulitsa makala."

Ine chimene chinandilowa mumtima n'cha makina opopa madzi. Ndinakumbukira mizere ya ndowa pa kiyosiki ya ku Chinsapo madzi akasiya tsiku limodzi lokha, amayi akukanganirana malo, ana akupita kusukulu osasamba. Ndinadzifunsa kuti, nanga atasiya mwezi?

Komiti inakhala pansi, ndipo wapampando chaka chimenecho anali Bambo Mhango. Iwo ndiwo analimbikira kuti pakhale lamulo: boti lililonse lochokera kumadzi ena, makamaka ku Shire ndi kumunsi kwa nyanja, liyambe latsukidwa pamwamba, liume padzuwa sabata yathunthu, ndiye lilowe m'damu. Anamangitsa bwalo la simenti kumtunda, lopendekera kudzenje kuti madzi otsukira asatsikire kudamu. Kenako anandiitana. "Mama, ntchito iyi ikufuna munthu wosatopa ndiponso wosagulika ndi Fanta. Tasankha inu." Anandiwonjezera malipiro pang'ono. Ndinagwada kuthokoza, ndipo madzulo ake tinaimba nyimbo kunyumba mpaka oyandikana nafe anabwera kudzafunsa ngati kwabadwa mwana.

1995 ndi 1996

Ntchito yake inali yotere. Boti likafika pageti ndinkafunsa kumene lachokera, koma sindinkadalira yankho lokha. Ndinkalowa pansi pa ngolo, chitenje ndili nditamanga ngati wopita kudimba, n'kupapasa ndi manja kumatayala, kuzitsulo, kumapiko a injini, ngakhale chingwe cha nangula. Che Amidu ankatsegula kachitseko kotulutsira madzi a m'boti ndi zotsekera za mapaipi a ngolo. Ndikatero ndinkakwecha ndi burashi n'kutsuka. Zonse zimene ndapeza ndinkaziyanika palata, zikauma n'kuziwotcha. Namasupuni ukamutaya pamalo achinyezi amadzukanso ngati sanafe.

Zosowa zinali zambiri. Pampu ya madzi otsukira inkakhala miyezi yopanda dizilo, ndiye ndinkasenza madzi pamutu kuchokera kudamu kukwera nawo mtunda. Burashi itatha, a manijala anati bajeti yatha, ndinayamba kukwechera zitsononkho ndi chiguduli. Magolovesi ndinangowaona chaka choyamba. Manja anga anang'ambika mpaka Grace ankawapaka mafuta ophikira madzulo ndikaweruka kuntchito.

Anthu ena ankamvetsa. Mzungu wina wokalamba ankavula malaya n'kugwira nane chiguduli. Ena ankanyinyirika. Bwana wina wa ku Area 47 anandipatsa dzina loti Mayi Kasitomu, ati ndimasecha ngati a pachipata cha dziko. Wina anandiponyera ndalama pansi n'kunena kuti, "Tolani, muyang'ane kumbali." Ndinaitola, ndinaipukuta fumbi, n'kuiika pampando wa galimoto yake. Che Amidu anaseka mpaka kukhala pansi. "Achemwali, mukanandipatsa ine ndikagule fodya, tchimo likanakhala langa!" Sindikunena izi modzitama. Mtima unkafuna ndalamayo, poti kunyumba kunalibe ndiwo. Koma m'mawa uliwonse m'galimoto ya kalabu ndinkapempha chinthu chimodzi: Ambuye, chomera chija chisadutse m'manja mwanga.

1997

Mwana woyamba wa a Mhango, Tiwonge, anapeza banja ndi mnyamata wa ku Biwi. Tiwonge anakulira m'maso mwanga, ankasewera fulaye ndi Grace pabwalo pathu. Ukwati unali mwezi wa Okutobala, kukutentha koopsa. Nyagondwe anandibweretsera yekha nsalu ya ukwati, ija amavala a kuchikazi onse, osandilipiritsa. Usiku wa Lachisanu ndinathandiza kusenda mbatata ndi kunyonyola nkhuku. Loweruka ndinali pantchito, koma ndinavala nsaluyo chifukwa a Mhango anali atanena kuti akachoka kutchalitchi abwera ndi akwati kudamu kudzajambulitsa ali m'boti lawo, asanapite kuholo.

Anafika masana, magalimoto ali mndandanda, mahutala ali pii pii, amayi akululutira m'malole. Kumbuyo kwa galimoto ya a Mhango kunali boti lawo loyera, atalikongoletsa ndi maliboni ndi mabaluni. Ine ndinayamba kuvina pageti pomwepo. Ndiye Che Amidu anandikodola.

"Achemwali, taonani pansipo."

M'mapaipi a ngolo munkadontha madzi. Pachitsulo cha matayala panali patalendewera ndevu zakuda zija, zonyowa. Ndinafunsa mnyamata amene ankayendetsa, mphwake wa a Mhango, kuti boti lachokera kuti. Anayankha mosabisa, "Ku Liwonde, amayi. Ndinapita nalo ndi anzanga kukawedza nsomba za paukwati, tafika m'mawa uno. Amalume akudziwa."

Ndinapita kwa a Mhango ndi kuwanong'oneza. Anali mu suti yakuda, duwa pachifuwa, thukuta lili kamukamu. Anati, "Ndikudziwa, mama, ndikudziwa. Tangolithirani madzi pamwamba. N'kanthawi kochepa, tingojambula n'kutuluka. Asewere anga ndawalonjeza, kuholo anthu akudikira." Anatembenuka n'kukodola mphwawoyo kuti abwerere chammbuyo, atsitsire ngolo kumadzi.

A manijala kunalibe, anali atapita kumaliro ku Dedza. Mlonda anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Che Amidu anati chapansipansi, "Ine ndine wa injini, achemwali. Akandichotsa ndidzakonza njinga zamoto ku Kawale. Inu ganizani ana." Ananena zoona. Ntchito imeneyi ndi imene inkalipira lendi, ndi imene inkasunga Grace ku sekondale, ndi imene inkagula mankhwala a bambo anu. Ndipo amene anandipatsa ndi yemweyo amene ngolo yake inali itayamba kutsetsereka.

Ndikanafuula, akanati wamisala. Ndikanaima kutsogolo kwawo n'kutambasula manja, ukanakhala mwano umene sindinaleredwe nawo, mkazi kuimirira pamaso pa mkulu wa mpingo, pamaso pa asewere ake. Kwathu ku Mitundu amayi anandiphunzitsa kuti ukafuna kulankhula ndi wamkulu umagwada, ndipo sudzuka mpaka atakuyankha. China sindinkachidziwa. Ndinathamangira panjira ya simenti yotsikira kumadzi, kumbuyo kwenikweni kwa ngolo, n'kugwada pamenepo, n'kuyamba kuwomba m'manja mwaulemu.

Amayi anakuwa. Mnyamata uja anaponda buleki, mabaluni anagwedezeka, injini ya boti inaima pafupi ndi nkhope yanga moti ndinkamva fungo la matope a ku Shire. Simenti inkawotcha ngati chiwaya.

"Mama, mukutani? Dzukani!" anatero a Mhango.

"Bambo, ndili ndi mawu."

"Mudzanena Lolemba. Dzukani, anthu akuona."

"Bambo, ndidzuka mukandiyankha. Munandiuza nokha kuti boti lochokera ku Shire lisalowe lisanaume. Lero mukuti lilowe. Ine ndine wosaphunzira, ndiuzeni kuti ndimvere mawu ati, a tsiku lija kapena a lero. Mukati a lero, mawa akabwera bwana wa ku Area 47 uja ndidzamuuza chiyani?"

Ndinalankhula misozi ili chuchuchu. Azakhali ake a Tiwonge, mayi wamkulu thupi wochokera ku Rumphi, anatsika m'lole. "Nsanje iyi! Wavala nsalu yathu, wadya nkhuku yathu, lero akufuna kutsekereza ukwati wa mwana. Mukokeni!" Koma palibe anandigwira. Munthu wogwada amene akuwomba m'manja umamukoka bwanji, wojambula ali pomwepo ndi kamera yake? A kuchimuna, anthu a ku Biwi, anayamba kunong'onezana. Mkulu wina wa iwo anati mokweza, "Asewere, kodi kwanu mkwati amatsekerezedwa pamadzinso? Tiuzeni ndalama zake tilipire." Ena anaseka. Kusekako kunawapweteka a Mhango kuposa mawu anga. Ndinaona khosi lawo likutupa m'kolala.

Ndinayang'ana Nyagondwe. Anali ataima pafupi ndi galimoto ya akwati, nsalu yake yofanana ndi yanga. Anangondiyang'ana, kenako anayang'ana kumbali.

Amene anamasula nkhaniyo ndi Tiwonge. Anatsitsa galasi la galimoto, velo ili kumaso, n'kunena kuti, "Adadi, kodi tiima pano mpaka keke isungunuke? Bwato lina palibe?" Che Amidu sanadikire. Anathamangira bwato lakale la kalabu, lopalasa ndi manja, limene silinkachoka padamupo, penti yonse itasupuka. Amayi awiri a ku Biwi anavula zitenje zawo zapamwamba n'kuliyala. Akwati analowa, Che Amidu akupalasa atavala kachipewa kake, akuwauza kuti asagwedezeke chifukwa iye ukwati wa m'madzi sadziwa kudalitsa. Anthu analulutira, zithunzi zinajambulidwa. A Mhango sanatsike kumadzi. Anamasula okha ngolo ija kugalimoto, n'kuisiya pomwepo, n'kukakhala m'galimoto atatseka magalasi. Yankho lawo linali limenelo, ndipo ndinadzuka. Mawondo anali atatuluka matuza.

Onse atapita kuholo, ine ndi Che Amidu ndi mlonda tinakankhira ngolo kubwalo lotsukira. Tinatulutsa m'mapaipi tizidutswa tobiriwira, tina tili ndi timasamba tatsopano. Sitinali tambiri, tinangodzaza m'manja muwiri. Palibe wa paukwati anationa. Kuperekaniperekani sindinapite.

Lolemba a manijala anandiitana. Sanandiyang'ane kumaso. Anati komiti yalandira dandaulo loti ndachititsa manyazi membala pamaso pa alendo, ndiye ndikakhale kunyumba mpaka adzandiitane. Ndinafika kunyumba dzuwa lili pamutu, bambo anu ali pakhonde ndi ndodo yawo. Nditawafotokozera anati, "Amake Grace, ukanalola, ukanagona tulo?" Ndinati ayi. Anati, "Ndiye usalire. Koma mawa tidya chiyani, umufunse Mulungu wako amene unamugwadira pasimenti." Anali kuseka, koma m'maso munali mantha.

Ndinayamba kukazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pamsewu. Kutchalitchi amayi ena ankasuntha ndikakhala pabenchi pawo. Nkhani inali itafika pena poti ndinagona pansi pa galimoto ya akwati n'kutemberera banja. Grace anabwera kuchokera kusukulu akulira, ati anzake akumutcha mwana wa Namasupuni. Lendi inatsalira. Usiku wina ndinaganiza zopita kwa a Mhango kukapepesa n'kunena kuti ndinalakwa. Kupepesa chifukwa cha manyazi amene ndinawachititsa ndinali wokonzeka, ndipo ndinapitadi ndi mayi wina wa kutchalitchi ngati mboni. Koma mawu oti ndinalakwa anakana kutuluka. Ndinati, "Bambo, pepani kuti zinachitika pa tsiku la mwana wanu. Koma litabweranso boti lotero ndidzagwadanso." Mayi ndinapita nayeyo ananditsina. A Mhango anati, "Ndamva. Pitani."

1998

A kalabu anandiitana mvula itayamba kugwa, Januwale ali pakati. Komiti inakhala m'chipinda chomwera tiyi, makapu ake omwe ndinkatsuka ine. Ena ankati ndichotsedwe, wantchito sangaimitse galimoto ya membala. Mzungu wokalamba uja ankati ndibwerere. Onse anayang'ana kwa wapampando, a Mhango omwe aja, mwini dandaulo.

A Mhango anavula magalasi. "Mayi awa anandivula pamaso pa asewere anga. Mpaka lero ndikapita ku Biwi amandifunsa ngati ndabwera pa boti. Zimenezo sindidzaiwala, ndipo asayembekeze kuti ndidzaiwala." Anavalanso magalasi aja. "Koma lamulo ndinalemba ndine. Abwerere pantchito. Ndipo panjira yotsikira kumadzi paikidwe unyolo ndi loko, kiyi azisunga iwowa. Sindikufuna kudzamva kuti munthu wagwadanso kumbuyo kwa ngolo. Tsiku lina buleki idzakana."

Unyolowo unaikidwa sabata yomweyo. Kiyi ndinkamumanga pansonga ya chitenje, ndipo ndinamusunga mpaka tsiku limene ndinapuma ntchito. Malipiro a miyezi imene ndinakhala kunyumba sanandipatse, ndipo sindinafunse. A Mhango ananena zoona kuti sadzaiwala. Kutchalitchi ankandipatsa moni wa mawu awiri. Nyagondwe sanabwerenso kuseri kwa nyumba yanga, ndipo atasamukira ku Area 47 chaka chomwecho ndinamva kwa anthu, lole itapita kale. Chimenecho chinandipweteka kuposa matuza, ndipo chimandipwetekabe.

Namasupuni ndinadzamuonabe m'mitsinje ya mumzinda muno zaka zotsatira, pena atadzaza pansi pa milatho. Njira zake n'zambiri, munthu mmodzi sangazitseke zonse. Ine ndinapatsidwa njira imodzi, yasimenti, yotsikira kudamu, ndipo pamenepo sanadutse ndili pantchito. Grace anamaliza sukulu, inu ena munatsatira. Mulungu ndi wabwino, ana anga, ngakhale pamene njira yake ikuwotcha mawondo.

Inu amene mwawerenga mutu uwu, kaya ndinu a m'banja kaya mwangoupeza, ndikupempheni kanthu. Mukamapemphera muzikumbukira nyumba yathu ku Chinsapo. Bambo a Grace tsopano sayenda, timachita kuwanyamula kuti akawothere dzuwa, ndipo ine manja awa sagwiranso ndowa. Muzikumbukira zidzukulu zathu ziwiri zamasiye zimene tikulera. Mukumbukirenso banja la malemu Bambo Mhango, ndi Tiwonge ndi ana ake. Ndipo ngati wina wa inu amadziwa kumene Nyagondwe akukhala masiku ano, akawauze kuti amake Grace akadali pomwe paja, ndipo mpando ulipo.